Sabata yokonza denga anthu ali m'maofesi

Ntchito yanga ndi kuyang'anira kasamalidwe ka nyumba ina ya maofesi ya nsanjika zitatu mumzinda wa Blantyre, ndipo mbali yaikulu ya udindowu ndi kulandira makontirakitala obwera kudzakonza zowonongeka, kuwalola kuyamba ntchito, ndiponso kuwaimitsa ndikaona kuti moyo wa munthu uli pachiswe. Mwezi wa Okutobala ndi umene umatipanikiza koposa, pakuti chilichonse chokhudza denga, ngalande ndi mathanki chimayenera kutha mvula yoyamba isanagwe, ndipo chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, eni nyumba sachitanso chidodo akauzidwa kuti denga likudontha. Sabata imene ndikufotokoza pano tinali ndi ntchito yosintha malata ndi ngalande za padenga, kukonza mawaya a magetsi m'siling'i ya nsanjika yapamwamba, kuwotcherera zitsulo za masitepe othawira ngozi, komanso kupopa thanki ya zonyansa za kuchimbudzi.

Kukonza nyumba yakale n'kosiyana kwambiri ndi kumanga yatsopano. Pomanga yatsopano pamakhala mpanda ndipo olowa ndi amisiri okhaokha, pomwe kwathu kuno ntchito imachitika alembi ali pamadesiki awo, makasitomala akukwera masitepe, osesa akudutsa ndi zidebe pansi penipeni pa anthu amene akuzula misomali padenga. Kuwonjezera apo, nyumba yakale imabisa zambiri: mawaya amene palibe akudziwa kumene akuchokera, matabwa odyedwa ndi chiswe amene kunja amaoneka olimba, ndi zipangizo zimene kale zinkaloledwa koma lero tikudziwa kuti zimadwalitsa.

Lolemba silinali tsiku la nyundo koma la mapepala. Ndinapempha mwini kampani yokonza denga kuti andionetse chiphaso chake cha bungwe loona za makontirakitala, lomwe ambiri timalidziwa ndi dzina loti NCIC, umboni wa inshulansi ya antchito, mndandanda wa anthu onse odzalowa pamalopo pamodzi ndi ziphaso zawo za unzika, ndiponso ndondomeko yolembedwa ya mmene ntchito idzayendere. Ziphaso za unzika timaziwerenga mosamala chifukwa munthu amayamba kulandira chiphasochi ali ndi zaka 16, pomwe lamulo la zantchito la chaka cha 2000 sililola munthu wosakwana zaka 18 kugwira ntchito zoika moyo wake pangozi. Mnyamata mmodzi wa ganyu anapezeka kuti ali ndi zaka 17, ndipo ndinauza kapitawo kuti ameneyo asakwere padenga ngakhale kukangopereka nyundo.

Vuto lenileni linali m'kalata ya mitengo. Kampaniyi inapambana ntchito chifukwa mtengo wake unali wotsika kuposa wa anzake onse, ndipo nditawerenga mzere ndi mzere ndinapeza chifukwa chake: munalibe ndalama yobwerekera sikafodi (nsanja yoimapo amisiri akamagwira ntchito pamwamba), munalibe ya malamba odzitetezera, munalibe ya zisoti ndi nsapato zolimba. Nditafunsa, mwini kampaniyo anayankha mwaulemu ndithu kuti: "Bwana, tikanaikamo zimenezo ntchitoyi simukanatipatsa." Sindinamutsutse, pakuti ananena zoona. Ife opereka ntchito timasankha wotchipa, kenako n'kumadabwa kuona amisiri atamangirira makwerero awiri ndi linya kuti afike pansanjika yachitatu. Lamulo la chaka cha 1997 lotchedwa Occupational Safety, Health and Welfare Act limaika pa wolemba ntchito udindo woteteza moyo ndi umoyo wa antchito ake, kuphatikizapo kuwapatsa zovala zodzitetezera popanda kuwalipiritsa, ndipo lamulo la chipukuta misozi la chaka cha 2000 limafuna kuti wovulala pantchito alipidwe. Koma lamulo silitulutsa ndalama m'thumba mwa kontirakitala wamng'ono amene wapatsidwa mtengo wosakwana, ndipo munthu akagwa kuchokera padenga lathu, sitingauze akubanja kwake kuti nkhaniyo si yathu.

Madzulo a tsikulo ndinakakumana ndi mayi amene amaona za chuma pakampani yathu. Ndinawafotokozera kuti pali njira ziwiri zokha, kuwonjezera ndalama yobwerekera sikafodi yachitsulo kapena kuimitsa ntchito yonse mpaka titapeza kontirakitala wina, zomwe zikanatifikitsa m'nyengo ya mvula denga lili chosasula. Sanakondwe, koma anasaina.

Lachiwiri m'mawa, tisanatsegule maofesi, ndinasonkhanitsa amisiri ndi aganyu onse pabwalo loimikapo magalimoto. Ndinawaonetsa pothawira moto ukabuka, pomwe pali bokosi la chithandizo choyamba, galimoto imene ingathamangire ndi wovulala kuchipatala cha Queen Elizabeth, ndiponso malo amene tatchinga kuti pasadutse munthu. Zimenezi ndimazilankhula pakamwa m'Chichewa, chifukwa kupatsa munthu pepala la Chingerezi kuti asaine asanalimvetse n'kudziteteza tokha, osati kumuteteza iye. Sikafodi itamangidwa ndinaiyendera pamodzi ndi kapitawo, kuona ngati miyendo yake yakhala pamatabwa olimba osati pa njerwa zosanjikiza, ngati yamangiriridwa kukhoma, ngati popondapo palibe mipata, komanso ngati m'mbali muli zotchinga zofika m'chiuno ndi thabwa lapansi loletsa zida kugwera anthu. Makwerero tinawalola pamalo otsika okha, atapendekeka motsatira muyeso wodziwika wakuti pa mamita anayi alionse okwera, miyendo italikire mita imodzi kuchokera kukhoma, ndipo nsonga yake ipitirire pofikirapo ndi mita imodzi.

Pa nkhani ya malamba ndimakhala wovuta, chifukwa ambiri amawavala ngati yunifolomu. Lamba amene chingwe chake chikungolendewera kumsana alibe ntchito, ndipo wokoledwa ku paipi ya pulasitiki ndi woopsa koposa chifukwa amapatsa munthu chidaliro chabodza. Chinanso chimene amisiri ambiri sanauzidwepo n'chakuti chingwe cha mamita awiri chokhala ndi kachipangizo kochepetsa mphamvu ya kugwa chimafuna malo opanda kanthu pafupifupi mamita 6 pansi pa pokolekapo, choncho padenga lotsika munthu akhoza kumenyetseka pansi chingwe chisanamugwire. N'chifukwa chake padenga la mosungira katundu kuseri tinadalira zotchinga m'mbali osati malamba. Chifukwa cha kutentha kwa Okutobala, tinagwirizananso kuti ntchito ya padenga izichitika m'mamawa ndi chakumadzulo, popeza masana malata amawotcha ndipo munthu wa ludzu sachedwa kuchita chizungulire.

Denga lakuseri lomwelo ndi limene linatichedwetsa. Mbali ina inafoleredwa kalekale ndi malata a simenti osakaniza ndi asibesitosi, amene amapezeka m'nyumba zambiri zakale za boma ndi za makampani m'dziko muno. Ndinapeza mmisiri atanyamula makina odulira, akufuna kucheka lata limodzi kuti lituluke mosavuta, ndipo ndinamuimitsa pomwepo. Malata amenewa akakhala athunthu savutitsa kwenikweni, koma akachekedwa, kubooledwa kapena kuswedwa amatulutsa timaulusi tosaoneka ndi maso timene tikalowa m'mapapo sitituluka, ndipo timayambitsa khansa ndi kuuma kwa mapapo patapita zaka 20, 30 kapena 40. Kuvuta kwake n'kwakuti palibe amene amakhosomola tsiku lomwelo, choncho mmisiri wachikulire amene wakhala akucheka malatawa chiyambire unyamata wake amaona ngati tikumutayitsa nthawi. "Madala," ndinatero, "fumbi limeneli mupita nalo kunyumba m'zovala, ndipo mayi akamakachapa alipumanso." Mawu amenewo ndi amene anawagwira mtima kuposa kutchula malamulo. Tinanyowetsa malatawo ndi madzi, kumasula mabawuti ndi manja, kutsitsa lililonse lathunthu, ndi kuwakulunga m'mapepala apulasitiki okhuthala. Ogwira ntchitoyo anavala mamasiki oyenera fumbi losalala chotere, osati ansalu aja tinazolowera nthawi ya Covid-19, ndipo palibe amene analoledwa kuponda pa malatawo popanda thabwa loyendapo, chifukwa akakalamba amaphwanyika mosachenjeza.

Lachitatu linali la magetsi. Chiwonongekereni malo opangira magetsi a Kapichira ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022, pomwe dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, nyumba zambiri za maofesi zinaika majenereta ndi sola, ndipo yathu ili ndi zonse ziwiri. Zotsatira zake n'zakuti waya mmodzi akhoza kulandira mphamvu kuchokera mbali zitatu. Wamagetsi atafika anapeza magetsi a ESCOM atathima, ndipo womuthandiza wake anayamba kale kukwera m'siling'i akunena kuti apezerepo mwayi. Maganizo amenewa ndi oopsa kwambiri, pakuti magetsi othima amabwerera osaodira, jenereta yathu imadziyatsa yokha, ndipo mabatire a sola amapitiriza kudyetsa mawaya ena ngakhale switchi yaikulu itazimitsidwa. Mavolti 230 a m'nyumba ndi okwanira kuimitsa mtima wa munthu, makamaka m'siling'i motentha momwe thupi lanyowa ndi thukuta.

Tinamutsitsa, n'kuyamba motsatira ndondomeko. Tinazimitsa magwero onse atatu, wamagetsi anakhoma loko yake pa switchi iliyonse ndi kusunga makiyi m'thumba mwake, tinapachika chikwangwani chokhala ndi dzina lake, kenako anayesa mawaya ndi chipangizo chimene anayamba wachiyesa pamalo a moto kuti atsimikize kuti chikugwira ntchito. Ngakhale zinali choncho, waya mmodzi anapezekabe ndi moto. Titaulondola tinapeza kuti wina, zaka zapitazo, anaulumikiza kuchokera ku nsanjika yapansi popanda kulemba paliponse. Anthu a m'maofesi anadandaula kuti makompyuta athima kwa maola angapo, ndipo mkulu wina anabwera yekha kudzapempha kuti tiyatse mbali yake yokha kwa kanthawi. Ndinawayankha kuti makiyi ali ndi munthu amene manja ake ali pa mawaya, ndipo ngakhale ine ndilibe mphamvu yomulanda.

Lachinayi linadutsa bwino. Owotcherera anagwira ntchito ndi chilolezo cholembedwa, titachotsa makatoni ndi zitini za penti pafupi, chozimitsira moto chili pambali, ndipo mlonda anakhala pamalopo kwa ola lathunthu atamaliza, popeza moto woyamba ndi tizidutswa tothetheka umatha kunyeka mobisika. Opaka penti tinawasunthira madzulo anthu ataweruka, mazenera ali otsegula.

Lachisanu kunabwera galimoto yopopa thanki ya zonyansa. Kupopako kunayenda bwino mpaka paipi itatsekeka ndi zinyalala za pansi, ndipo mmodzi wa anyamata obwera ndi galimotoyo anavula malaya kuti atsikiremo ndi fosholo, monga amachitira kwina konse. Ndinakana. M'thanki yotere mumakhala mpweya wa poizoni wonunkha ngati dzira lowola, umene ukachuluka umapha mphamvu ya mphuno yomva fungo, kotero kuti munthu amaganiza kuti mwayera pomwe ndi pamene mwaipiratu. Mumakhalanso mpweya woyaka moto, ndipo okosijeni, amene mumpweya wabwino amakhala pafupifupi 21 peresenti, akatsika kupitirira 19.5 peresenti malowo amatengedwa kuti ndi oopsa. Munthu amakomoka asanakuwe n'komwe, ndipo kawirikawiri mnzake amene walumphiramo kuti amupulumutse amatsalanso momwemo. Kampaniyo inalibe chipangizo choyezera mpweya, inalibe makina opemerera, inalibenso chokokera munthu kuchokera pamwamba, choncho panalibe chokambirana. Tinathira madzi ambiri, kuvundula ndi nsungwi zazitali tili kunja, ndi kupopanso. Zinatenga nthawi yaitali ndipo woyendetsa galimotoyo anataya ulendo wina umene akanapezapo ndalama, zimene anandiuza mosabisa mawu. Ndinalemba maola owonjezerawo kuti alipidwe, chifukwa tikamaletsa njira yachidule koma osalipira yaitali, mawa adzatsikiramo ife tisakuona.

Loweruka tinayendera ntchito yonse ndi kapitawo, kutola misomali ndi zidutswa za malata pabwalo, kumasula sikafodi anthu kulibe, ndi kutseka zilolezo zonse. M'buku la ngozi munalowa zinthu ziwiri: chala chochekedwa ndi lata, chimene chinamangidwa pompo, ndi sipanala imene inagwa kuchokera pamwamba n'kugwera mkati mwa malo otchingidwa. Sipanalayo sinavulaze munthu, koma ndinailemba, ndipo tinagwirizana kuti zida zazing'ono zizimangiriridwa ndi chingwe. Waya wobisika uja tinamujambula pa mapu a magetsi a nyumbayi kuti wobwera pambuyo adzamudziwe. Malata a asibesitosi akadali chikulungire m'chipinda chokhoma, podikira kuti akhonsolo ya mzinda ndi oona za chilengedwe atiuze koyenera kukawataya, ndipo ndakaniza alonda amene anawapempha kuti akafolerere makola a nkhuku. Mu lipoti langa kwa akuluakulu ndapempha kuti kuyambira ntchito yokonza mathanki a madzi mwezi wamawa, kalata yoitanira makontirakitala izikhala ndi mzere wapadera wa ndalama za chitetezo, wotchula sikafodi, zovala, zoyezera mpweya ndi inshulansi, ndipo aliyense wosiya mzerewo wopanda kanthu asamawerengedwe n'komwe pa mpikisano wa mitengo.