Masamu a zitsekerero za mabotolo

M'mafulati a ku Yeoville, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa, mulibe bwalo loti ana azisewerapo phada, koma zitsekerero za mabotolo sizisowa. Kwa mwana wa zaka 4 kapena 5, tolani 10, muzitsuke, muziyale patebulo. Fumbatani 3 iye akuona. "Zatsala zingati? Nanga m'manjamu muli zingati?" Akaphonya musamuuze yankho, ingotambasulani dzanja awerenge yekha, akuloza chimodzichimodzi. Kenako afumbate iyeyo, inu muziphonya dala. Nkhani yagona pamenepa, chifukwa pokukonzani amawerengera mumtima.

Chimene chimawononga n'kusandutsa masewerawa mayeso. Mukangokweza mawu, mwana amasiya zitsekerero n'kumayang'ana nkhope yanu. Mphindi 10 zakwana. Ngati m'nyumbamo muli mwana wokwawa, tolani zonse mukamaliza, angatsamwe nazo.