Tatsegula shopu ku Ndirande: mbiri ya usipa wathu

Sabata yathayi tatsegula kashopu kathu ku Ndirande, ndipo ambiri mwakhala mukufunsa kuti zinayamba bwanji. Zinayamba ndi ndowa imodzi ya bonya, kathebulo panja pa nyumba, ndi mpamba wa ku banki m'khonde. Basi.

Poyamba tinkaoda mumsika wa Limbe ngati wina aliyense, koma phindu linkathera m'manja mwa ena. Ndiye tinayamba kupita tokha kunyanja, ku Monkey Bay, ku Msaka, nthawi zina mpaka ku Makanjira. Kumeneko n'kumene tinaudziwira usipa. Asodzi amaupha usiku ndi khoka lotchedwa chilimira, atayatsa nyali pabwato kuti usonkhane pakuwalapo. Mwezi ukawala kwambiri usipa subwera ku nyali, ndipo mwera ukaomba mu Juni ndi Julayi mabwato sapita kutali. Choncho mukamva tikuti "lero wakwera", si dyera ayi, nyanja ndiyo yanena.

Tinsomba timeneti anthu amangotiphatikiza, koma kalikonse kali ndi kwawo. Usipa ndi wa m'nyanja ya Malawi. Matemba athu ndi a ku Chilwa, timakatenga padoko la Kachulu ku Zomba, ndipo poti nyanjayo ndi yosaya, imaphwa, monga zinachitikira mu 1995 ndi mu 2018. Zaka zotero matemba amasowa, ndipo ife timakuuzani poyera kuti palibe. Kapenta kwawo ndi ku Tanganyika. Anam'tenga n'kukamuika ku Kariba m'ma 1960, iye n'kutsika ndi Zambezi mpaka ku Cahora Bassa ku Mozambique. Wina akakugulitsani bonya n'kumati ndi kapenta, bwerani naye kuno tidzakuonetseni kusiyana kwake.

Chaka chimene chinatigwetsa ndi 2023. Mu Malichi tinali titangodzaza chipinda ndi matumba a usipa, ndalama yake ya katapila, namondwe wa Freddy n'kufika. Mvula inagwa usana ndi usiku, madzi analowa m'nyumba, usipa wonse unachita nkhungu. Tinakautaya tokha, misozi ili mbwembwembwe. Sitingadziyerekeze ndi anzathu a ku Chilobwe amene anataya abale awo, ife tinangotaya katundu. Koma bambo wa katapila uja, akudzidziwa yekha, anafika matope asanaume n'komwe kudzanyamula wailesi ndi matilesi. Ngongole yanu tinabweza yonse bwana, ndi chiwongola dzanja chomwe. Tisanapume, mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mtengo wa thiransipoti n'kukwera. Nanunso amene munkatiikira wabwino pamwamba, pansi pa thumba zinyenyeswa ndi mchenga, tinakusiyani mwakachetechete ndipo sitinafe.

Tithokoze Mulungu poyamba. Tithokoze bambo a kunyumba amene ankadzuka m'bandakucha kukadikira lole ku Limbe, ndi apongozi anga amene ankatsala ndi ana ine ndili kunyanja. Amayi anzanga a banki m'khonde, munatipatsanso mpamba pamene aliyense ankati tatha, Ambuye akudalitseni. Amayi a kugombe amene mumatiyanikira pathandala osati pamchenga, madalaivala a malole a ku Mangochi, anyamata a kabaza, amayi ophika nsima mumsika amene mumatenga chigoba tsiku ndi tsiku, ngakhale inu amene mumagula kamulu kamodzi madzulo, zikomo kwambiri. Shopuyi mwamanga ndinu.

Panopa tili ndi usipa wofutsa, wokazinga ndi wongoyanika padzuwa, bonya, matemba, kapenta komanso utaka. Timagulitsa pamulu, pachigoba ngakhale pathumba kwa ooda, ndipo thumba timakhuthula inu mukuona mpaka pansi. A ku Chirimba, Mbayani, Chilomoni ndi Bangwe timakutumizirani pa kabaza, kulipira ndi Airtel Money kapena Mpamba. Wofutsa watsopano wafika dzulo kuchokera ku Msaka, ndipo mwezi wayamba kuwala, ndiye fulumirani asanakweze kugombe.