Mzere wachiwiri wa Lachinayi

Lolemba njinga yamoto inabwera ndi timabotolo ta makhololo kuchokera ku zipatala zing'onozing'ono, ndipo tsiku lonse ndinali mu labotale, pa makina oyezera TB otchedwa GeneXpert. Kusakaniza makhololo ndi mankhwala ake, kudikira mphindi 15, kuthira mu katiriji, kutseka. Maola awiri asanakwane, makinawo anena ngati muli TB, komanso ngati tizilombo take tikumva mankhwala a TB otchedwa rifampicin kapena ayi. Lachiwiri masana magetsi anazima makina ali mkati mwa ntchito, batire silinalimbe, makatiriji anayi anawonongeka. Zinandipweteka mtima, chifukwa anthu anayiwo ayenera kuperekanso makhololo, ndipo ena amachokera kutali.

Koma chimene sichikuchoka m'mutu mwanga ndi cha Lachinayi. Kunabwera mayi atabereka mwana kumbuyo, thupi la mwanayo ngati moto. Ndinabaya kachala, magazi pa kachipangizo koyezera malungo ka mRDT, madontho a mankhwala ake otchedwa bafa, basi kudikira. Mzere wachiwiri unatuluka, wosaoneka bwino koma ulipo.

"Ndi malungo eti, adokotala?"

Ndinatsegula buku lakuchipatala la mwanayo. Anamaliza mankhwala a malungo a LA masabata awiri apitawo. Apa mpamene ambiri timathamangira kulemba. Kachipangizoka sikaona tizilombo ta malungo ayi. Kamagwira puloteni yotchedwa HRP2 imene tizilombo ta malungo ta Plasmodium falciparum timatulutsa, ndipo puloteniyo imatsalira m'magazi kwa masabata angapo tizilombo titafa kale. Mzerewo sunama, koma nthawi zina umanena za matenda amene anatha.

"Mayi, takhalani kaye pabenchipo, tionenso bwino."

Ndinapaka magazi pagalasi, kuumitsa, kuthira utoto wa Giemsa, n'kukhala pa maikulosikopu mpaka maso kuwawa. Sindinapezemo kachilombo ngakhale kamodzi. Zotsatira zonse ziwiri ndinapita nazo ndekha kwa dokotala. Atamuyeza bwino mwanayo, anapeza kuti ndi chibayo. Tikanangokhulupirira mzere uja, akanabwerera kwawo ndi LA wina, chifuwa chikuipiraipira.

Lachisanu kunali odwala amene CD4 yawo, muyeso wa chitetezo cha m'thupi, yatsika pansi pa 200. Awa timawayeza CrAg m'magazi, yofufuza tizilombo toyambitsa matenda oumitsa khosi, yomwe imatenga mphindi 10, ndi TB LAM mumkodzo, mphindi 25. Ndikuweruka ndinapeza bambo wina akundidikira pakhomo, kabotolo atakakulunga m'kapepala. Anali mmodzi wa anayi aja. Ndinavalanso magolovesi n'kuyatsa makina.