Ku Shimonoseki, komwe a Taira anathera m'madzi

Anthu ambiri akafika ku Japan amathera ku Tokyo ndi Kyoto basi, koma ine ndinakakamira kukafika ku Shimonoseki, kumapeto kwenikweni kwa chilumba cha Honshu. Ukaima m'mphepete mwa nyanja chilumba cha Kyushu chili apo tsidya, nyumba kuoneka bwinobwino, ndiye pakampata kamadzi kameneka ndi pomwe banja la ankhondo la Taira linathera mu 1185, pa nkhondo ya Dan-no-ura.

Ndinatsika basi pa Mimosusogawa, kapaki kakang'ono pafupi ndi mlatho wa Kanmon. Madzi ake abale, ndi nyanja koma akuthamanga ngati mtsinje wodzadza mu Januwale, ndipo amasintha kolowera kangapo patsiku. Pali ziboliboli ziwiri zoyang'anizana, Minamoto no Yoshitsune, wa banja la Minamoto lomwe linagonjetsa a Taira pano, ali m'malere kudumpha, kwinaku Taira no Tomomori wanyamula nangula, poti nkhani imati ataona kuti zavuta anadzimangirira chitsulocho nkudziponya m'nyanja.

Mwini filimu yonseyi ndi Taira no Kiyomori. Mkuluyu atapambana nkhondo za ku Kyoto mu 1156 ndi 1160 anakwera mpaka kukhala nduna yaikulu kwambiri mu 1167, chinthu chomwe munthu wa banja la asamurai anali asanachiteko, ndalama nazo zinali mbwee chifukwa ankachita geni ndi China kudzera padoko la komwe lero kuli Kobe. Kachisi wa Itsukushima uja, wa chipata chofiira choima m'madzi chomwe mumachiona pazithunzi, ndi iyeyu anamumanganso. Koma nzeru yake yeniyeni inali ya ukwati, mwana wake Tokuko anamukwatitsa kwa mfumu Takakura, mdzukulu atabadwa nkumuika pampando mu 1180 akadali khanda, dzina lake Antoku. Maudindo onse onona kupatsa ana ndi abale, mfumu yopuma Go-Shirakawa kuitsekera m'nyumba, kenako likulu kulisamutsira ku Fukuhara, anthu kudandaula mpaka patangotha miyezi yochepa nkulibweza ku Kyoto. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe anadzikumbira dzenje, anadya okha mpaka aliyense wotsala panja anali ndi chifukwa chowadera.

Chinanso, mu 1160 muja Kiyomori sanaphe ana aang'ono a mdani wake, mtsogoleri wa banja la Minamoto. Yoritomo anangomuthamangitsira ku Izu ali mnyamata, Yoshitsune anali wakhanda. Ana omwewa ndi amene anadzabwera atakula. Kiyomori anamwalira ndi kutentha thupi mu 1181 nkhondo itayamba kale, pofika 1183 abale ake anali akuthawa ku Kyoto atanyamula kamfumu kaja, kugonja ku Ichi-no-Tani, kugonja ku Yashima, mpaka mtunda unawathera pano.

Akuti kum'mawa a Taira zinkawayendera poti za panyanja ankazidziwa, koma madzi atatembenuka komanso mmodzi mwa akuluakulu awo atagulitsa gemu nkupita mbali ina, basi kunali kutha. Agogo ake a Antoku, mkazi wa Kiyomori, anamunyamula mwanayo wa zaka 6 nkulumpha naye m'nyanja, ati anamuuza kuti pansi pa mafunde palinso likulu.

Ukayenda pang'ono umafika ku Akama, kachisi wokumbukira mwanayo. Chipata chake ndi choyera kumunsi chofiira kumwamba, anachimanga motengera nyumba yachifumu ya pansi pa nyanja ya m'nthano zawo, ndipo kunja kwake kowalako sikunandigwire mtima kwenikweni. Chomwe chinandikhudza chili chakumbali pamthunzi, miyala yakale yondandana ya manda a akuluakulu a Taira, ing'onoing'ono, ya ndere, zilembo zina zofufutika. Banja lomwe linagwira dziko lonse m'manja, malo ake sakukwana ndi chipinda chimodzi chomwe.

M'nyanja imeneyi mulinso tinkhanu tomwe chigoba chake chimaoneka ngati nkhope ya munthu wolusa, amati ndi mizimu ya a Taira, dzina lake heikegani. Kumsika wa Karato chapafupi ndinangodya sushi, fugu nsomba yapoizoni yomwe tauniyi imatchuka nayo ndinaiyang'ana kaye nkuisiya. Madzulo ndinabwerera kupaki kuja nkutsika pa lifiti kulowa mumsewu wapansi pa nyanja, mamita 780 wapansi mpaka ku Kyushu, oyenda pansi salipira, ndipo chapakati anajambula mzere wa malire a zigawo za Yamaguchi ndi Fukuoka pomwe aliyense amaima kujambulitsa.