Lipoti la ulendo wathu wa ku Nkhata Bay

Anthu akalabu yathu yowerenga mabuku, a Tcheya anati ndilembe lipoti ndiye nali. Ndalemba zonse kuti amene munatsala musamamve zam'maluwa.

Tinapangana kukumana pa Katoto 7 koloko koma tinanyamuka cha m'ma 9, chifukwa cha munthu wina wa ku Luwinga yemwe sindimutchula dzina koma amavala chipewa chofiira. Kuno kunali kuzizira kwathu komwe kuja, aliyense ali mu juzi, koma titayamba kutsetsereka mapiri majuzi onse analowa m'zikwama. Mtunda wake sukwana ndi makilomita 50 omwe, ndiye timati pofika 10 tikhala tikuona nyanja. Ayi ndithu. Titangodutsa pa Mpamba tayala lakumbuyo linaphulika, sipeya kumutsitsa alibe mpweya, mpaka kondakitala anachita kukwera njinga yamoto tayala lili pamiyendo kukapopetsa. Ife tinakhala pansi pa mtengo wa mango tikudya nthochi zomwe a Trezha anagula ndi ndalama ya kalabu (risiti palibe, ndangonena), ndipo mkangano wa buku lija tikuwerenga, la ulendo wa mumlengalenga, unayambira pompo, anzathu otilandira a kalabu ya mabuku ya ku Nkhata Bay tisanawaone nkomwe.

Anauyamba ndi aphunzitsi athu a Physics. Akuti wolemba anayamba bwino, kufotokoza mmene anthu amapezera mpweya ndi madzi mu chombo, mmene mtsikana makaniko uja amakonzera injini, kenako injini itafa basi mwala wa agogo ake nkuyamba kuwala, mizimu ya makolo nkukankha chombo mpaka kudziko la madzuwa awiri. Anaimirira ndithu, khoko la nthochi lili m'manja, akuti kuwala kumene kumatenga pafupifupi mphindi 8 kuchoka ku dzuwa kufika kuno, ndipo kuchoka ku nyenyezi yoyandikana nafe kumatenga zaka zoposa 4, chombo cha mumlengalenga cha Voyager 1 chinanyamuka 1977 mpaka lero sichinayandikire nyenyezi ina iliyonse, ndiye mtsikanayu afike ndi mwala? Asisi a ku Chibavi anangoti, “Aphunzitsi, inu nomwe munatiuza kuti kwanu kuli mdala amakwera lichero usiku kupita ku Johannesburg nkubwerako tambala asanalire. Lija limayendera Physics yake iti?” Tinaseka mpaka dalaivala naye anasiya jeke. Aphunzitsi akuti iwo anangofotokoza zomwe anthu amakamba. Chabwino bwana.

A Madala anaulula pomwepo kuti buku sanalimalize, atafika pa mizimu analitseka poti iwo ndi mkulu wa mpingo, koma loboti lonama lija la m'bukumo amalikonda ndipo amafuna tiwauze ngati linapulumuka. Palibe anawauza.

Tinafika dzuwa lili paliwombo, anzathu atatidikira mpaka kutopa koma anatilandira ndi manja awiri. Za maphunziro mwachidule: ali ndi kaundula wobwereketsa mabuku, wochedwa kubweza amalipira chindapusa, amasonkha mwezi ndi mwezi, ndipo mabuku amasunga mu thiranki yachitsulo kuopa chiswe ndi moto. Ife a ku Mzuzu za moto sitichita kuuzidwa, tinaona laibulale ya Mzuni itapsa mu Disembala 2015. Tinagwirizana zomasinthana mabuku.

Pa bukulo iwo analibe vuto ndi mwala. Mnyamata wina anati chimene chinamugwira mtima ndi moyo wa mu chombo, kupanikizana, kukangana pa chakudya, kudalira injini yokalamba, akuti ndi mmene zimakhalira mu Ilala, sitima yomwe yakhala ikuyenda panyanjapa kuyambira 1951. Koma mayi amene amatsogolera gulu lawo ndi amene anaumaliza mkangano, ndipo apa ndilembe bwinobwino chifukwa ena ayamba kale kunena kuti mfundoyi inali yawo. Anati koyambirira mtsikana akagwiritsa ntchito mwala amaiwala kanthu kena ka moyo wake, nyimbo ya amayi ake, dzina la mudzi, ndiye umachita mantha nthawi iliyonse akaugwira. Kumapeto anaugwiritsa ntchito mwamphamvu kuposa kale kupulumutsa mchimwene wake ndipo sanataye chilichonse. Wolemba anaphwanya lamulo lomwe anaika yekha. Ine ndili mbali yawo. Mizimu ikhale, maloboti akhale, koma ngati mankhwala ali ndi chizimba chake ndiye chilipiridwe mpaka tsamba lomaliza. Aphunzitsi anangoti ndi zomwe amatanthauza kuyambira pa Mpamba. Sizomwezo ayi, tinalipo.

Kenako chakudya. Kondowole wa batala, usipa wauwisi pambali, chigwada chotendera. Achimwene athu obwera kuchokera ku Blantyre aja kanali koyamba, anatema mbamu yaikulu nkuyamba kutafuna, kondowole kumata m'kamwa, m'zala, mpaka pa foni. Mayi wina anawamvera chisoni nkuwauza kuti ameneyu sitimatafuna adada, timangomeza. Anameza maso ali psuu, koma taonani mbale yachiwiri anaitanitsa ndi iwo omwe. A Trezha mitu ya batala anaisonkhanitsa yonse mbali yawo ati akuwerengera. Pa Chikale tinangoviika mapazi chifukwa nthawi inali itatha, kupatula wachipewa chofiira amene analowa ndi jinzi yomwe ndipo pobwerera palibe amafuna kukhala naye mpando umodzi.

Yewo chomene kwa anzathu a ku Nkhata Bay, kwa amayi amene anaphika, kwa a Tcheya potigwira pamene mawu anayamba kukwera, kwa asisi a ku Mchengautuwa pa mandasi a m'mawa, ndi kwa kondakitala yemwe pano dzina lake ndi Loboti poti anatiuza kuti abwera “pompano”. Amene simunamalize ndalama ya thiransipoti a Trezha akukudziwani. Ndipo amene anabwereka buku langa mu minibasi kuti angoona mathero abweze Loweruka, a Madala tikukukayikirani.