Antivirus ikakuwa, fayilo isaphedwe mlandu usanazengedwe

Gawo la maphunziro a chitetezo cha kompyuta lomwe ndakhala ndikulibwereza mwezi uno ndi lalifupi m'buku, koma ndi lomwe limasautsa anthu tsiku ndi tsiku m'mashopu osindikiza mapepala pa Kamuzu Road ndi m'maofesi a pa boma kuno ku Salima. Funso lake ndi ili: antivirus ikati yagwira vayirasi, munthu achite chiyani? Ambiri amangodina batani lomwe layamba kuoneka. Ena amazimitsa antivirus yonse kuti kasitomala asadikire. Konsekonse kuli kulira.

Antivirus ili ndi njira ziwiri zazikulu zogwirira. Yoyamba ndi kuyerekeza fayilo ndi mndandanda wa mavayirasi odziwika kale, ndipo apa siphonya kawirikawiri. Yachiwiri ndi kuyang'ana khalidwe. Pulogalamu ikamasintha mafayilo a Windows, ikamadzikonza kuti izidzuka yokha kompyuta ikayatsidwa, kapena ikakhala yokutidwa mobisa zamkati mwake, antivirus imaikayikira ngakhale isanaionepo. Apa ndiye pochokera false positive, kunamizira fayilo yosalakwa. Kapulogalamu komwe wophunzira walemba yekha ndi Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu, n'kukasandutsa .exe, mtundu wa fayilo ya pulogalamu ya pa Windows, kamagwidwa chonchi nthawi zambiri, chifukwa kalibe siginecha ya kampani iliyonse, chidindo chotsimikizira yemwe adakapanga, ndipo palibe kompyuta ina yomwe idakaonapo. Makampani akuluakulu nawo amapunthwa. Mu Epulo 2010 McAfee, kampani yopanga antivirus, idatulutsa update ya nambala 5958 yomwe idatenga svchost.exe, fayilo yeniyeni ya Windows XP, ngati vayirasi, ndipo makompyuta ambirimbiri adayamba kuzima n'kuyakanso osalekeza.

Pa Windows 10 ndi 11, pomwe pali Microsoft Defender, antivirus yobwera ndi Windows, nkhani yonse imapezeka mukatsegula Windows Security, kenako Virus & threat protection, kenako Protection history. Pamenepo pali zosankha zitatu ndipo kulemera kwake n'kosiyana. Remove imafufuta fayilo, osadutsa mu Recycle Bin. Allow on device imaisiya kuti igwire ntchito. Quarantine imaichotsa pamalo pake n'kuitsekera poti singathe kudzuka. Ine ndimaitenga Quarantine ngati chitokosi: woganiziridwa wagwidwa, sangavulaze munthu, koma mlandu sunazengedwe. Mukapeza kuti ndi wosalakwa mumadina Restore, fayilo n'kubwerera pomwe idali. Nthawi yake ili ndi malire, poti Defender imafufuta zomwe zakhala m'menemo masiku 90 ngati palibe adasintha dongosololi. Choncho pomwe simukudziwa, sankhani Quarantine basi. Mwa zitatuzi, ndi yokhayo yomwe imateteza kompyuta n'kukusiyirani mpata wosintha maganizo.

Kuzenga mlanduwo kumayamba ndi kuwerenga dzina, chinthu chomwe ambiri amachidumpha. Tengani dzina ngati Trojan:Win32/Wacatac.B!ml. Mawu oyamba akunena mtundu wa chiwopsezo, Win32 ikunena kuti ndi cha pa Windows, Wacatac ndi banja lake. Zilembo za kumapeto, !ml, zikusonyeza kuti chigamulo chachokera ku makina ophunzitsidwa kuzindikira zofanana ndi mavayirasi. Sikuti fayiloyo ndi yabwino ayi, koma mpata wa kunamiziridwa ndi waukulupo. Dzina loyamba ndi PUA likunena pulogalamu yosafunika, monga yodzaza zotsatsa malonda kapena yosintha bulawuza. Mukatha dzina, onani malo omwe fayilo yagwidwira. Fayilo ya mu Program Files, m'foda ya pulogalamu yomwe mudaika nokha, ili ndi mbiri yomveka. Fayilo ya dzina la zilembo zosokonekera yomwe ili m'foda ya AppData kapena ya Temp, yoti simukudziwa idafika bwanji, musaichitire chisoni.

Pali mtundu wina womwe uyenera kunenedwa poyera, wa mayina oyamba ndi HackTool, monga AutoKMS ndi Keygen. Awa ndi timapulogalamu totsegulira Windows, Office kapena mapulogalamu ojambulira popanda kulipira, ndipo timayenda pa flash kuchoka shopu ino kupita ina. Anthu amati antivirus ikunama. Sikunama, yatchula chinthucho ndi dzina lake lenileni. Choopsa n'chakuti timapulogalamu timeneti nthawi zambiri timabwera titabereka china kumsana, chakuba mapasiwedi osungidwa mu bulawuza, ndipo wokupatsaniyo nayenso sadziwa. Malangizo aliwonse oyamba ndi mawu oti "zimitsani kaye antivirus" akukupemphani kuti muthamangitse mlonda mlendo asanalowe.

Fayilo ikakhala yofunika ndipo mukuikhulupirira, umboni ufunidwe. Ngati kope lake lili mu Quarantine mokha, libwezeni koma musalitsegule. Dinani kumanja pa fayiloyo, Properties, muone ngati pali tsamba la Digital Signatures komanso ngati dzina la kampani ndi loyenera ndipo siginecha ikuti ili bwino. Kenako tsegulani PowerShell, pulogalamu ya Windows yolembamo malamulo, lembani Get-FileHash n'kutsatiza njira ya fayiloyo. Mupeza mzere wa zilembo ndi manambala 64, womwe ndi SHA-256, chidindo cha chala cha fayiloyo. Kusintha kachidutswa kamodzi mkati mwake kumasintha mzere wonse. Opanga mapulogalamu ambiri amaika mzerewu pa tsamba lawo kuti muyerekeze.

Mzere womwewo muufufuze pa VirusTotal, tsamba lomwe lidayamba mu 2004 ku Spain ndipo Google idaligula mu 2012. Limafunsa ma antivirus oposa 70 nthawi imodzi. Kufufuza ndi mzerewu sikudya bandulo ngati kutumiza fayilo yonse, komanso kumasunga chinsinsi. Ichi ndichikhomerere: fayilo yotumizidwa kumeneko imatha kuonedwa ndi akatswiri ena a zachitetezo, ndiye ndandanda wa malipiro a antchito, zotsatira za mayeso a ana asukulu kapena makalata a odwala zisapiteko. Powerenga zotsatira, kuona maso a nkhono n'kudekha. Awiri kapena atatu okha akaikayikira, ndi mayina osalunjika ngati Generic kapena Heur, pomwe fayilo ndi yakale ndipo ili ndi siginecha, kunamizira n'kotheka kwambiri. Makumi angapo akagwirizana pa banja limodzi, mlandu watha. Koma fayilo yomwe yangotuluka dzulo ikaoneka yoyera kwa onse, sikuti yapambana. Mwina sanaidziwebe.

Mukatsimikiza kuti ndi yosalakwa, tsegulani khomo laling'ono momwe mungathere. Allow on device imapereka chilolezo ku dzina la chiwopsezo, ndiye fayilo ina yoipa yogwidwa ndi dzina lomwelo ingathe kudutsa mwakachetechete. Zomwe mudaloleza zimaoneka pa Allowed threats ndipo mungazibweze podina Don't allow. Njira yolunjika ili pa Manage settings, Exclusions, pomwe mungapatule File, Folder, File type kapena Process. Sankhani File, fayilo imodziyo. Kupatula foda ya Downloads, drive C yonse, chilembo cha flash kapena mtundu wa .exe n'chimodzimodzi kuzimitsa antivirus, kungoti chishango cha Windows Security chimaonekabe chobiriwira n'kumakunamizani. Kupatula Process nakonso n'kotakata, chifukwa mafayilo onse omwe pulogalamuyo ikutsegula sayang'anidwa. Mndandanda wa Exclusions muziuona mwezi ndi mwezi, poti mavayirasi ena amadzilembamo okha. Tumizaninso fayiloyo ku tsamba la Microsoft Security Intelligence kuti aiunike. Akavomereza kuti adainamizira amakonza mu update, ndipo inu mumachotsa kupatula kuja.

Dandaulo lina lofala m'mashopu ndi loti antivirus yadya mafayilo a pa flash. Mphunzitsi wachokera ku Chipoka kudzasindikiza mayeso, flash yasikanidwa, potsegula muli mbee. Kawirikawiri yomwe yachita izi ndi vayirasi ya ma shortcut: imabisa mafoda enieni n'kuika tizithunzi tonamizira ta mayina omwewo. Antivirus yachotsa tonamizirato, zenizeni zatsala zobisika. Onani Properties ya flash, mupeza kuti malo akadali odzaza. Musaifomate. Tsegulani Command Prompt, pulogalamu ina yolembamo malamulo, lembani attrib -h -r -s /s /d E:\*.* kusintha E ndi chilembo cha flash yanu, mafoda aja aonekeranso.

Wofuna kuyeserera zonsezi asasake vayirasi yeniyeni. Bungwe la EICAR lili ndi fayilo yoyesera ya ma byte 68 yomwe siwononga chilichonse, koma opanga ma antivirus adagwirizana kuti aziigwira ngati vayirasi. Itsitseni pa tsamba lawo, muone chenjezo likutuluka, muipeze mu Protection history, muibweze ndi Restore, muipatule ngati File, kenako muchotse kupatulako n'kusikananso foda yomwe ilimo kuti muone ikugwidwanso.