Kuyala masamba a magazini yathu ya nyimbo

Temu ino aphunzitsi anatipatsa ntchito yopanga magazini ya nyimbo za kuno kum'mawa kwa Zambia, kuyambira kulemba nkhani mpaka kusindikiza. Ine gawo langa linali kuyala masamba: kusankha zilembo, kuika zithunzi, kuona kuti mutu ukhala pati. Poyala ndinaona kuti zambiri zimene ndinasankha zinalamulidwa ndi zinthu ziwiri, makina osindikizira ndi chinenero chathu.

Ndalama ya gulu inangokwana fotokope ya m'tauni muno mu Chipata, inki yakuda yokha, pepala la A4 lopinda pakati kuti likhale A5, msana womanga ndi stepulala. Pepala limodzi likapindidwa limatulutsa masamba 4, choncho magazini yotere imakhala ya masamba 12, 16 kapena 20, palibe za 14. Tinasankha 16. Posindikiza, tsamba 1 limagona pambali pa 16, tsamba 2 pambali pa 15, mpaka pakati. Ndiye chithunzi chodutsa masamba awiri chimalumikizana bwino pa 8 ndi 9 pokha, poti pamenepo ndi pepala limodzi. Malo amenewo tinapatsa ovina ngoma a ku mwambo wa Angoni wa Nc'wala ku Mtenguleni, mzere wonse wa zishango ndi zibonga osaduka.

Fotokope siikonda zotuwa. Chithunzi cha woimba ali mumthunzi wa mango, chooneka bwino pafoni, chimatuluka ngati chagwera m'makala. Ndinasankha zithunzi zimene kuwala ndi mdima zalekana moonekeratu, ndipo zilembo zoyera pamalo akuda ndinazikana, chifukwa inki imadzaza timipata ta "e" ndi "a" mpaka mawu osawerengeka. Makinawa safikanso m'mphepete mwa pepala, motero chithunzi chilichonse chinakhala ndi malire oyera.

Pachinenero m'pamene ndinakhalitsa. Matempuleti ena a mu Canva, pulogalamu yoyalira masamba, amagawa tsamba m'mizati itatu yopapatiza, yoyenera Chingerezi chokhala ndi timawu tatifupi. Ife mawu amodzi ngati "akadzatiimbiranso" amadya theka la mzere. Ukauza kompyuta kuti iwongole mbali zonse ziwiri, pakati pa mawu pamatseguka mipata mpaka diso limasochera. Ukailola kudula mawu yokha, imadula mwa malamulo a Chingerezi, n'kusiya "n" kumapeto kwa mzere, "g'oma" pansi. Ndinayala mizati iwiri yotakata, yowongoka kumanzere kokha, ndipo kudula ndinachita ndekha, nthawi zonse pambuyo pa lembo la liwu, mmene pakamwa pamadulira. Mitundu ina ya zilembo zokongola ilibe "ŵ", moti pa "Cheŵa" pamatuluka kabokosi. Tsopano ndisanakonde zilembo zilizonse ndimayamba ndalemba nazo "Cheŵa, ng'oma, Nc'wala" kuti ndione ngati zikutidziwa.

M'magazini yonse muli mitundu iwiri yokha ya zilembo. Pankhani ya Zamrock, nyimbo za rock za ku Zambia za m'ma 1970, ya a Paul Ngozi ndi gulu la WITCH, mutu ndinaukulitsa ndi kuunenepetsa mpaka kudzaza m'lifupi mwa tsamba, poti gitala yawo inali yolemera ndi yaphokoso. Pa kalindula zilembo n'zomwezo koma zochepa thupi, ndi malo oyera ambiri.

Mkangano waukulu unali wa chikuto. Ambiri ankafuna Gule Wamkulu wa ku mwambo wa Acheŵa wa Kulamba ku Mkaika, ati ndiye amakopa maso, komanso bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005. Mnzathu wina wa ku Katete anandifunsa kuti, "Iwe, dzina la magazini ndi mtengo wake uzilemba pati? Pamphumi pa chilombo?" Ananena zoona. Pachikuto pamadzaza mawu, ndipo magazini ikawerengedwa anthu amakulungira nsomba. Gule tinamuika m'kati, chithunzi chathunthu, popanda lembo lililonse pathupi pake, mawu ofotokoza ali pansi. Pachikuto panapita manja a woimba ng'oma, ojambulidwa pafupi kwambiri: zala zotambasuka, phula lakuda pakati pa chikopa, zikhomo m'mphepete. Kumwamba kwa chithunzicho kunali khoma loyera, ndipo dzina linakhala pamenepo osaphimba kanthu.

Aphunzitsi atatembenuza masamba anati, "Nanga amene adzawerengere pafoni mwawaganizira?" Ambiri kuno adzailandira pa WhatsApp. Fayilo ya kufotokope siingatumizidwe momwemo, poti masamba ake ndi osakanizika, 16 pambali pa 1. Ndikukonza ina ya PDF, tsamba limodzilimodzi motsatana, zithunzi zochepetsedwa kulemera kuti isamalize bandulo ya munthu. Vuto latsala pa ovina a pa 8 ndi 9, amene pafoni agawika pakati, ndiye tsamba limenelo ndiliyala mopingasa palokha.